Diresi lako silinabedwe pachingwe

Telma mwana wanga,

Ndikulemba masana ano, iwe uli kolukitsa tsitsi, bambo ako ali kudimba kukumba kachewere woti unyamule, ngati kuti ku Makanga anthu sadya. Ndakhala pakhonde ndi masamba amene ndang'amba m'kaderno, kope lako lakale la ku shikola. Ukudziwa kuti ine ndi iwe sititha kukamba nkhani mpaka kumapeto. Ndikangoyamba umati, “Já sei, mamã, ndikudziwa kale,” ine mtima n'kukwera, nkhani n'kuthera pomwepo. Pepala silingandidule pakamwa. Uwerenge mawa mu shapa, minibasiyo ikadutsa Ulongwe, osati usanakwere, chifukwa sindikufuna kuti titsanzikane ndi maso ofiira.

Dzulo unauza bambo ako kuti ukakafika ku Chidzolomondo, ku Makanga komweko, kuwonjezera pa uprofesora wakowo wophunzitsa ana, ukalowa m'komite yoteteza ana, uziperekeza ana ozunzidwa ku tribunali, kubwalo la milandu, monga ndachitira ine zaka zonsezi. Unati ukufuna kukhala ngati amayi ako. Ndinali kuseri ndikupeta nyemba, ndinamva zonse. Ndinakondwa, sindinama, mpaka ndinapetanso nyemba zopeta kale. Kenaka mantha anandigwira, chifukwa mayi amene ukufuna kutengerayo sukumudziwa yense. Umadziwa amene anthu amamugwira chanza pamsika wa Tsangano. Pali winanso amene anataya mwana ali naye m'manja, ndipo amene akulemba kalatayi ndi iyeyo.

Pano amanditcha Dona Porke, ndiye kuti Mayi Chifukwa-Chiyani, chifukwa cha kufunsa kwanga. Bambo ako mpaka lero amandiseka kuti tsiku la ukwati wathu ndinafunsa wansembe chifukwa chimene mphete imalowera chala ichi osati icho. Kufunsako ndi kumene kunandilowetsa m'komite, ine wolekezera kwarta klase, kalasi yachinayi, mlimi wa kachewere. Ntchito yake ilibe malipiro, ukudziwa. Sife apolisi, sife oweruza. Ife timaona, timamvetsera, timalemba, kenaka n'kukakhala pambali pa mwana m'chipinda chodzaza akuluakulu, kuti adziwe kuti mmodzi mwa anthuwo wabwerera iyeyo. Choncho funsa, Telma. Ukaona mwana akutunga madzi nthawi ya shikola, funsa. Ukaona wina wavala juzi dzuwa likuswa mtengo, funsa kuti akubisa chiyani pamikonopo. Ine nthawi zonse zimene ndinalakwa zinali nthawi zimene ndinkaganiza kuti ndikudziwa kale.

Kodi Rozita ukumukumbukira? Unali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anali kamtsikana kouma, ka dzanja lamanja lokulunga m'kansalu, kamene nthawi zina unkakapeza m'mawa katagona kukhitchini kwathu. Iwe unkadandaula kuti kakununkha utsi. Mayi ake anamwalira, bambo ake anapita ku Joni osabwerako, ndiye anamutenga malume ake, a Jeremiasi, a m'mudzi wina wa m'njira ya ku Ntengo-Wambalame. Ndinayamba kumuona pamsika atasenza thumba la kabichi, akuligwira ndi dzanja limodzi. Ndinadabwa kuti mwana angasenze bwanji katundu wotere ndi dzanja limodzi pamene ali nawo awiri. Ndinamugulira mandasi, n'kumupempha kuti andionetse. Chikhatho chinali chitapsa, zala ziwiri zitayamba kumatana. Kuyambira tsiku limenelo, zinthu zikamuthina kwawo ankathawira kwathu kuno, ulendo wa ola lathunthu wapansi.

Kulakwa kwanga koyamba ndinakuchita chifukwa cha ulemu. Kwathu kuno nkhani ya mwana imayambira kwa mwini mbumba, ndipo palibe amene angakuuze kuti mwambowo ndi woipa. Ndiye ndinavala nsalu yanga yabwino n'kupita kwa a Jeremiasi, ndinagwada, ndinapereka moni, n'kufotokoza zimene ndaona. Munthu uja anandilandira bwino kwambiri. Ananditulutsira mpando, akazi awo anandiphikira tiyi. Anati mwanayo anagwera pamoto akuwotha nthawi yozizira, nanga ndi mwana uti wa ku Tsangano amene alibe chipsera cha moto? Pobwerera anandipatsa makabichi awiri, ine n'kulandira ndi manja awiri. Sindinadzifunse kuti amene anathirira makabichiwo ndani. Nditangochoka Rozita anakwapulidwa chifukwa chotulutsa za m'nyumba, ndipo a Jeremiasi ndinali nditawapatsa miyezi itatu yokonzera nkhani yawo. Akuluakulu uziwapatsa moni, Telma, uzigwada ndithu, sudzathyoka mawondo. Koma uyambe wapita ndi mwana kuchipatala bala likadali laliwisi, alembe pepala, ukasiye lipoti koyenera. Ine pofika kuchipatala bala linali litauma, ndipo anangolemba kuti ndi chipsera chakale cha moto.

Kulakwa kwachiwiri kunali kwa kaderno. Anatipatsa ku maphunziro a komite, ndipo ndinkamunyadira kwabasi. Ndinamukhazika Rozita pansi, ine pampando, cholembera m'manja. Ndinamufunsa ngati amamumenya, anati inde. Ndinamufunsa ngati anagwera yekha pamoto, anatinso inde. Ndikanamufunsa ngati anamuluma ndi ng'ona akanavomera. Ndinakwiya, ndinkati mwanayu ndi wabodza. Patapita masiku ndi pamene ndinazindikira kuti tinamuphunzitsa ndife tomwe. Timalera ana kuti wamkulu satsutsidwa, kuti maso aziyang'ana pansi, ndiye tsiku limodzi timafuna kuti mwana yemweyo atiyang'ane m'maso n'kunena kuti malume ake akunama. Funso lililonse limene ndinkamufunsa linali ndi yankho kale m'kati mwake, iye ankangondibwezera langa lomwe.

Anadzayankhula tsiku lina tikusenda kachewere kuseri kwa khitchini, tonse titakhala pansi, palibe woyang'ana mnzake. Ankasenda ndi dzanja lamanzere, atapanira mbatatayo pabondo ndi dzanja lopsalo, ndipo khungu linkatuluka limodzi lalitali osaduka. Ndinachita chidwi, ndinamufunsa kuti anaphunzira bwanji. Anati anaphunzira dzanja litapsa, chifukwa akazi a malume ake sankafuna kuti nyama ya mbatata ipite ndi makoko. Sindinafunsenso china. Tinasenda zina zinayi. Kenaka ananena yekha, mawu ake ali pansipansi:

“Ndinatenga mbatata imodzi paphulusa ana awo asanadye. Anandigwira dzanja n'kulikanikiza pafuwa. Amalume anali pakhomo, anati ndiphunzirepo.”

Ukadzafuna kuti mwana akuuze zoona, Telma, um'patse ntchito ya m'manja, ukhale naye pansi, kaderno umusiye m'chikwama. Udzalemba pambuyo. Ndipo uphunzire kukhala chete, ngakhale ndikudziwa kuti zimenezo kwa iwe ndi ine ndi chilango.

Pali zina zing'onozing'ono zimene ndinaphunzira mochedwa, ndizinene ndisanafike pa chachikulu. Tsiku la mlandu uzinyamula chakudya, chifukwa amatha kukuitanani m'mawa n'kudzalowa dzuwa litapendeka, ndipo mwana wanjala amavomera chilichonse kuti atuluke. Ngati angakulole, ukamuonetse mwanayo chipindacho tsiku lisanafike, aone pamene pamakhala a juwizi, oweruzawo, ndi pamene adzakhale iye. Ana amafunsa zinthu zimene iwe sungaganize. Wina anandifunsa ngati a juwizi amagona momwemo. Winanso anafuna kudziwa ngati akanena zoona amumanga iyeyo kapena bambo ake. Usamalonjeze mwana kuti sabwereranso kunyumba ija, chifukwa chimenecho sichili m'manja mwako. Ulonjeze chokhacho chimene ungathe, kuti udzakhala pambali pake.

Tsopano chachitatu, chimene chandikhalitsa pakhonde pano. Ukukumbukira diresi lako lachikasu la manja aatali, limene bambo ako anakugulira pa Primeiro de Junho, tsiku la ana? Unalivala kawiri kokha. Litasowa unalira masiku atatu, ine n'kukuuza kuti alibera pachingwe. Unakhala chaka chonse osayankhulana ndi mwana wa aneba, ukumuganizira. Diresi lako silinabedwe, mwana wanga. Ndinalitenga ndine m'bokosi iwe uli ku shikola.

Rozita anafika kwathu kutatsala tsiku limodzi kuti mlandu ulowe. Anali atavala malaya aamuna ong'ambika, omangidwa ndi luzi m'chiuno, tsitsi lili mapiringupiringu, mikono ili ndi mikwingwirima yatsopano. Ndinamuyang'ana n'kunena mumtima kuti mwana uyu sindingapite naye kuboma ali chonchi. Ukudziwa mmene tilili ife. Ngakhale kuchipatala timayamba tasamba, munthu akubuula ndi malungo koma akufunafuna nsalu yochapa. Ndinkaopa kuti alembi a ku tribunali azidzati Dona Filomena wabwera ndi mwana wauve. M'mawa ndinamutenthetsera madzi, ndinamukhula ndi mwala kumapazi, ndinamupesa, ndinamudzoza mafuta mpaka kumawala. Ndinamuveka diresi lako, ndipo linamukwana ngakhale anali wamkulu kwa iwe ndi chaka. Manja aatali aja anaphimba mikwingwirima yonse. Malaya ake ndinawanyamula ndi kamtengo n'kukawaponya kudzala. Ndinkadziona ngati mayi wabwino kwambiri m'Tsangano muno.

Tili m'njira iye ankangolisisita diresilo. Apa ndi pamene ndinanena mawu amene ndikanakonda ndikanawameza. Ndinati, “Wina akakufunsa usanene kuti ndi lobwereka, ungandichititse manyazi. Ndipo usaling'ambe, lili ndi mwini wake.”

Anandifunsa, ponditcha titiya ngati ndine azakhali ake, kuti, “Titiya, ndidzabweze liti?”

Ndinati, “Ukadzabwera kwathu, ubwere nalo lili bwinobwino.”

A juwizi anali mayi wachitsikana wochokera kummwera, sankamva chiyankhulo chathu, ndiye panali wotanthauzira. Ine ndinakhala pabenchi ya kumbuyo kwa mwanayo monga tinaphunzitsidwira, wosayankhula pokhapokha atafunsidwa. A Jeremiasi anali atamuona Rozita panja, ndipo munthu uja sanali wogona. Atapatsidwa mpata anayankhula modekha, chipewa chili m'manja. Anabwereza za kuwotha moto zija. Kenaka analoza mwanayo n'kupempha a juwizi kuti amuyang'ane okha, ngati mwana wozunzika amaoneka chotero. Anati diresi limenelo anamugulira okha ku msika atagulitsa nyemba, ana awo enieni alibe lotere.

A juwizi aja ndilibe nawo mlandu. Anafunsa funso loyenera. Anawerama n'kumufunsa Rozita, kudzera mwa wotanthauzira, kuti diresilo anamugulira ndani. Mwana anatembenuka n'kundiyang'ana ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali, Telma. Kenaka anayang'ana pansi n'kunena kuti amalume. Anasunga lamulo langa, sanandichititse manyazi.

Ukufunsa chifukwa chimene sindinaimirire, ndikudziwa, chifukwa ndi funso limene ndikanafunsa ine. Ndakhala ndikudzifunsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Dzanja ndinali nalo, ndikanalikweza. Koma ndikanati diresilo ndi la mwana wanga, akanandifunsa chifukwa chimene mwanayo wanamira, ndipo ndikanayenera kuvomera pamaso pa anthu onse kuti ndamuuza ndine. Ndinachita manyazi, basi, palibe dzina lina. Ndinadzinyengerera kuti mlandu sunathe, ndidzakonza ulendo wina. A juwizi anawachenjeza a Jeremiasi, analamula kuti mwana alembedwe ku shikola, n'kunena kuti adzaionanso nkhaniyo anthu akakolola. Rozita anatuluka atagwiridwa dzanja ndi malume ake, diresi lako likuwala m'msewu. Tisanakolole banja lonse linasamukira ku Makanga kukalima fodya. Ndinalemba makalata, ndinafunsa oyendetsa malole, ndinafunsa ngakhale akatekisi obwera ku misonkhano. Makanga ndi wamkulu, ndipo midzi yake ndi yotalikirana.

Ndiye tamvera, Telma. Mwana upite naye ku tribunali monga wamupezera. Um'patse chakudya, um'funditse ngati akuzizidwa, koma usakonze chimene a juwizi ayenera kuona ndi maso awo. Ngati wamusambitsa, unene kuti wamusambitsa, zovala zake uziike m'jumbo upite nazo. Usamuuze mwana chonena kapena chobisa, ngakhale chaching'ono chotani, chifukwa ana amenewa amagwira mawu a munthu amene wawakomera mtima kuposa mmene iwe ukuganizira. Ndipo ukalakwa, imirira pomwepo. Manyazi a tsiku limodzi ndikanawaiwala kalekale. Ana onse amene ndinawaperekeza pambuyo pake ndinkawachitira zimenezi, ndipo anthu ankati Dona Filomena ndi wolimba mtima. Sankadziwa amene anandiphunzitsa.

Mwezi watha a Zakariya, aja amapita ndi kachewere ku Furankungu, kuboma la Makanga, pa lole, anabwera kudzagula kwa bambo ako. Pocheza anatchula kuti pamsika wa ku Chidzolomondo pali mayi wina wokazinga mbatata amene anthu amaima kumuonerera, chifukwa amasenda ndi dzanja lamanzere, khungu limodzi osaduka, dzanja linalo zala zake ndi zomatana. Anati mayiyo atamva kumene lole yachokera anawafunsa ngati ku Tsangano kumazizirabe ngati kale. Ndinatsala pang'ono kugwetsa beseni. Ndinawafunsa dzina lake, sakulidziwa. Ali ndi ana? Sakudziwa. Ali pabanja? Amaseka? Sanaone. Munthu anadya mbale yonse ya mbatata osafunsa kanthu n'kamodzi komwe, amuna ena ndi odabwitsa. Mwina si iyeyo. Moto watentha ana ambiri. Koma patapita milungu iwiri kalata yako ya ntchito inabwera italemba Chidzolomondo, ndipo kuyambira pamenepo mutu wanga suli pano.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinkachimvetsa zaka zonsezi. Pakati pa tsiku la mlandu ndi tsiku limene anasamuka panadutsa miyezi iwiri. Mwana amene ankathawira kwathu pafupifupi mlungu uliwonse sanabwere ngakhale kamodzi. Ndinkasiya khitchini yosatseka, m'mawa n'kupeza muli nkhuku zokha. Ndinkati wandikwiyira, ndipo ali ndi chifukwa. Lolemba lapitali ndikusoka siketi yako ija inang'ambika pamsomali, singano ili m'manja, mawu anga aja anandibwerera. Malaya ake ndinawataya ine. Analibe chovala china. Ndiye kuti diresi lako ndi limene ankapita nalo kudimba, kunkhuni, kukasenza kabichi. Nsalu yopyapyala ija ikanatha masiku angati? Linang'ambika, Telma, mwina mlungu woyamba womwe. Ndipo ine ndinali nditamuuza kuti akadzabwera kwathu abwere nalo lili bwinobwino. Akanabwera bwanji? Ndikuganiza kuti mwana uja ankamenyedwa n'kumayang'ana njira ya kuno, koma n'kumaopa diresi. Sindikudziwa ngati zinalidi choncho. Ndikufuna kudziwa, ndipo ndikuopa kudziwa.

Ngati wakwiya nane, kwiya, msewu wa ku Furankungu ndi wautali, ukukwanira. Ndinakubera, ndinakunamiza, ndinakudanitsa ndi mnzako wosalakwa. Bambo ako ndinawauza chaka chomwecho, anati ndikuuze ukakula, ndipo ine ndakhala ndikunena kuti sunakule mpaka lero ukulukitsa tsitsi la uprofesora.

Ukakhazikika, ukamufunefune mayi wa mbatata uja tsiku la msika. Usapite ndi kaderno, usavale kamizeti ya komite. Ukagule mbatata, ukhale pansi, ngati pali mpeni wina um'thandize kusenda. Usathamangire kutchula dzina langa, mwina safuna kulimva, ndipo akakana usamukakamize. Ine ndikufuna kudziwa zambiri. Shikola anapitako? Anachoka liti kwa malume ake, anamuchotsa ndani? Dzanja limamupweteka kukazizira? Ana ake akatenga mbatata paphulusa amawatani? Tsiku lija atandiyang'ana, ankadikira kuti ndinene chiyani? Koma amenewa ndi mafunso anga, usamuunjikire. Akakuuza chimodzi chokha, undiimbire foni, ndidzakhala chete mpaka umalize, ndalonjeza.

Kupepesa ndidzapepesa ndekha, ngati angandilole kukwera lole ya a Zakariya n'kukagwada pamsika pomwepo. Koma pali mawu amodzi amene ine sindingathe kumuuza, chifukwa ndinamuuza kuti diresi lili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo si ine. Ndiwe. Sindingakulamule, chinthucho chinali chako ndipo sunafunsidwe. Ndikungopempha.

Bambo ako ndi awo akubwera ndi thumba loti anthu awiri sanganyamule. Ulandire, usatsutse, ukagawireko anzako. Juzi lako lakuda ndaliika pamwamba, mankhwala a chimfine ali m'thumba la m'mbali. Uzidya, uzifunsa, ndipo ana a eni uwapereke kwa a juwizi monga alili.

Ukamupeza, ndipo ngati mtima wako walola, umuuze kuti ndiwe Telma, mwini diresi lachikasu lija. Umuuze kuti unamupatsa, ndi lake, palibe chobweza. Khitchini ikadali pomwe paja, ndipo angabwere atavala chilichonse.

Ndine mayi ako,
Filomena